Mafunso ndi Mayankho: Kumanga Njanji ndi Sitima Zazing'ono za pa Sikelo

Mayankho ambiri pano akunena za sikelo ya HO, popeza ndi imene ili ndi zipangizo zochuluka, koma pamene sikelo zina monga N kapena OO zikusiyana tatchula. Tanthauzo la mayinawa lili m'funso loyamba. Muona kuti takhalitsa pa njanji, mawaya ndi mawilo kuposa pa mapiri ndi mitengo. Tachita dala. Bwalo lokongola limene sitima yake imagwa pa pointi iliyonse, paja njanji imapatukira, silichedwa kusanduka poikapo makatoni.

Kodi sikelo ndi geji n'chinthu chimodzi?

Ayi. Sikelo imanena kuti kasitima kanu kachepetsedwa kangati poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Geji ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, kuyeza mkati ndi mkati. Njanji zambiri padziko zili ndi geji ya mamilimita 1,435. Mukagawa nambalayi ndi 87 mumapeza pafupifupi 16.5, ndipo iyo ndiyo geji ya HO, imene sikelo yake ndi 1:87.

N ndi 1:160 pa njanji ya mamilimita 9, ngakhale ku Britain amagwiritsa 1:148 ndipo ku Japan sitima zambiri ndi 1:150. TT ndi 1:120 pa mamilimita 12. Z, imene kampani ya Märklin inatulutsa mu 1972, ndi 1:220 pa mamilimita 6.5. O imayenda pa mamilimita 32, koma sikelo yake imasiyana: 1:48 ku America, 1:43.5 ku Britain ndi ku France, 1:45 ku Germany. Za m'dimba za mtundu wa LGB, zimene zinayamba mu 1968, ndi 1:22.5 pa mamilimita 45.

Imene imasokoneza anthu ndi OO ya ku Britain. Matupi a sitima zake ndi 1:76, koma zimayenda pa njanji ya mamilimita 16.5 yomwe ija ya HO. Choncho ngolo ya OO imakwera bwinobwino pa njanji ya HO, kungoti mukaiimika pafupi ndi inzake ya HO imaoneka yonenepa. Amene zimenezi zimawawawa amasamukira ku geji ya EM, ya mamilimita 18.2, kapena P4, ya 18.83, ndipo kumeneko njanji yambiri amadzipangira okha.

Ndiyambe ndi sikelo iti?

Yezani chipinda, kenaka yesani maso ndi zala zanu. Kilomita imodzi ya njanji yeniyeni imadya mamita 11.5 pa HO ndi mamita 6.25 pa N. Ngati chimene chimakusangalatsani ndi sitima yaitali ikudutsa m'chigwa, tengani N. Ngati mumakonda kukokera ngolo m'mafakitale, kuika tizitsulo togwirira pa injini ndi kupenta dzimbiri, HO kapena OO ndi yabwino chifukwa tizigawo take timagwirika. Z si yoyambira: kafumbi kochepa kamaimitsa injini.

Samalani ndi Märklin ya HO. Imatenga magetsi pa timitu tachitsulo ta pakati pa njanji, ndipo mawilo a ngolo zake salekanitsa magetsi a mbali ziwiri. Ngolo yotero mukaiika pa njanji wamba ya zitsulo ziwiri, shoti nthawi yomweyo.

Nanga ndikafuna kutsanzira njanji yopapatiza, monga ya mamilimita 1,067?

Geji imeneyi ndi ya njanji zambiri za kumwera kwa Africa, New Zealand, Japan ndi Queensland ya ku Australia. Pa 1:87 imatuluka mamilimita 12.3, ndiye anthu amagwiritsa njanji ya mamilimita 12. Njira ina, yotchuka ku New Zealand, ndiyo kumanga matupi a 1:64 pa njanji ya mamilimita 16.5, zomwe zimalola kubwereka mawilo ndi mota za HO. Konsekonse dziwani kuti sitima zogula zokonzakonza n'zochepa. Mudzadula ndi kumata zambiri ndi manja.

Tebulo likhale lalikulu bwanji, ndipo ndimange ndi chiyani?

Ambiri amayamba ndi pulayiwudi wathunthu wa masentimita 122 kwa 244. Vuto lake n'lakuti mukamugunditsa kukhoma simufika kumbuyo, pamene mukamuika pakati amadya chipinda chonse chifukwa pafunika njira mbali zonse. Dzanja la munthu limagwira ntchito bwino mpaka masentimita 60, mwina 75 ngati palibe mitengo yoti chigongono chithyole. Pointi iliyonse imene dzanja silifika ndi imene idzavute. Shelufu ya masentimita 40 mpaka 60 yotsata khoma imapereka njanji yaitali pa malo omwewo, ndipo njira yodutsa anthu isachepere masentimita 75.

Chimango pangani ndi timatabwa touma ta mamilimita 18 kwa 70, mipiringidzo yake italikirane masentimita 40, pamwamba pulayiwudi wa mamilimita 9 kapena 12. Matani ndi guluu n'kumanga ndi masikuruu, osati misomali. Boolani mabowo a mawaya m'mipiringidzo musanakhome pamwamba. Matabwa aawisi amapindika akamauma ndipo njanji imapindika nawo, ndiye asiyeni m'chipinda momwemo kwa masabata angapo, kenaka muwapake vanishi kapena utoto mbali zonse, ndi kunsi komwe. Bolodi la utuchi wopanikiza limalemera, limabwafuka pakati ndipo limafufuma likanyowa pothira balasiti, timiyala tomata m'mbali ndi pakati pa njanji.

Ena amamata fomu yolimba ya XPS ya masentimita 5 pamwamba pa pulayiwudi kuti azitha kukumba mitsinje ndi ngalande. Ndi yabwino, koma fomu yoyera ya timibulu imanyenyeka ndipo sigwira njanji. Guluu wa fungo lamphamvu amasungunula fomu. Gwiritsani wa madzi.

Kutalika kuchoka pansi kukhale masentimita 110 mpaka 130. Sitima imaoneka yeniyeni mukaiona cham'mbali, ndipo msana wanu udzathokoza pomanga mawaya kunsi.

Manambala a code 100, code 83 ndi code 55 akutanthauza chiyani?

Ndi msinkhu wa chitsulo cha njanji, m'magawo a inchi imodzi yogawidwa ka 1,000. Code 100 ndi mamilimita 2.5, code 83 ndi 2.1, code 75 ndi 1.9. Pa N zofala ndi code 80 ndi code 55. Yaifupi imaoneka bwino, koma mawilo akale a milomo yakuya amagunda timitu togwira chitsulo, mumamva kuti gu-gu-gu sitima ikamayenda. Ngati muli ndi ngolo zakale, code 100 sidzakuvutitsani. Mukalumikiza ma code awiri osiyana, chofunika n'chakuti pamwamba pa zitsulo ndi m'mbali mwa mkati mufanane. Kunsi mutha kuikirira kapepala.

Gulani njanji ya chitsulo cha nickel silver. Ya brass imada msanga ndipo litsiro lake silidutsa magetsi, pamene yachitsulo wamba imachita dzimbiri.

Pokhota ndi pokwera malire ake ndi otani?

Pa HO, njanji za m'mabokosi oyambira zimakhota pa rediyasi (mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika pa njanji) ya masentimita 46. Injini zazifupi ndi ngolo zazifupi zimadutsa, koma mabogi aatali okwera anthu amafuna 60 kapena kuposa, ndipo amayamba kuoneka bwino kuyambira 75. Pa N, 25 ndi yothina kwambiri, 28 ndi yoyambira, 38 ndi yomasuka. Njanji isachoke powongoka n'kulowa pokhota mwadzidzidzi. Ikhote pang'onopang'ono kwa utali wa ngolo imodzi. Pamene yakhotera kumanja kenaka kumanzere, ikani pakati chigawo chowongoka chotalika ngati ngolo yanu yaitali kwambiri, apo ayi zokowera zimakokerana mbali zosiyana mpaka wilo kukwera chitsulo. Njanji ziwiri zoyandikana zitalikirane masentimita 5 powongoka, kuyeza pakati ndi pakati, ndipo pokhota onjezerani mpaka 6 kuti mabogi asakhulane.

Chikweza chabwino ndi 2 peresenti, kutanthauza kukwera masentimita 2 pa mita iliyonse. Pa 3 peresenti injini imakoka ngolo zochepa kwambiri, ndipo chikweza chikakhala pokhota chimalemera kuposa nambala yake. Werengerani musanadule thabwa: kuti njanji ya HO idutse pamwamba pa inzake pafunika mpata wa masentimita 7.6 kuphatikiza kuchindikala kwa mlatho, tinene 10 zonse pamodzi. Pa 2 peresenti amenewo ndi mamita 5 okwera ndi ena 5 otsika. Ambiri akaona nambalayi amapanikiza chikweza mpaka 5 peresenti, kenaka n'kumadabwa injini ikupalasa pamalo amodzi. Poyambira ndi pothera chikweza pakhalenso popindika mofatsa, ndipo pasakhale pointi kapena polumikizira.

Njanji yopindika ndi manja ndiiyale bwanji?

Jambulani mzere wa pakati pa tebulo. Pokhota gwiritsani kathabwa kokhomera msomali kumapeto kumodzi ndi pensulo kwinako. Matani cork (khungwa lofewa loyala pansi pa njanji) wa mamilimita 3 mpaka 5 motsata mzerewo, akauma mum'pale ndi sandipepa wokulunga pa thabwa kuti pasakhale zitunda. Yambani ndi mapointi, chifukwa malo ake sasuntha, ndipo boolani bowo la mota ya pointi musanaimate.

Njanji yopindika imabwera m'zidutswa za masentimita pafupifupi 91. Ikakhota, chitsulo cha mkati chimatsala chachitali. Chidulani ndi kapulaya kodulira njanji, n'kusalaza ndi tupa kumapeto, pamwamba ndi mkati. Pokhota, lumikizani zidutswa ziwiri zikadali zowongoka, muwotcherere tolumikizira take ndi soda (mtovu wowotcherera), kenaka mupinde zonse pamodzi. Mukapinda kaye n'kulumikiza pambuyo, pamfundopo pamathyoka ngati chigongono, ndipo ndi pamene ngolo zidzagwera masiku onse. Powongoka musawotcherere mfundo zonse: siyani mpata wa theka la milimita pa zina, chifukwa chitsulo chimatalika kukatentha ndipo matabwa amafota kukauma. Njanji yosowa kopumira imadzipinda yokha.

Guluu pakani mopyapyala kwambiri, mutsindike ndi zolemera mpaka aume. Ngati mukukhoma ndi timisomali, mutu usakanikize silipa, kathabwa kopingasa pansi pa zitsulo. Silipa likabwafuka pakati limakoka zitsulo n'kuchepetsa geji. Mukatha, ikani diso pa msinkhu wa njanji n'kuyang'ana motsata chitsulo, kapena gwiritsani kagalasi. Diso limaona kupindika kumene rula silingaone.

Mapointi ali ndi manambala. Nambala 4 imapatuka sentimita imodzi pa masentimita 4 alionse, nambala 6 imodzi pa 6. Ya 4 ndi ya m'mafakitale ndi ngolo zazifupi; pa njira yaikulu ikani ya 6 kapena 8.

DC kapena DCC?

Izi ndi njira ziwiri zoyendetsera sitima ndi magetsi. Pa DC mumalamula njanji: mukakweza mavoti, injini iliyonse imene ili pamenepo imathamanga. Kuti ziwiri ziyende mosiyana muyenera kudula njanji m'zigawo, chilichonse ndi switchi yake. Pa DCC njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, mavoti 14 kapena 15 pa HO ndi pafupifupi 12 pa N, ndipo m'magetsimo mumadutsa malamulo amene dikoda, kachipangizo kamagetsi ka mu injini, imawerenga. Njirayi inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany, ndipo bungwe la NMRA, lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 1935, linaivomereza kukhala muyezo m'zaka za m'ma 1990. N'chifukwa chake dikoda ya kampani ina imamvera makina a kampani ina.

Wa injini imodzi pa shelufu, DC imukwanira. Wofuna ziwiri kapena kuposa, kapena phokoso la injini, ayambiretu ndi DCC. Mawaya ake ndi osavuta. Injini ya DC musaisiye pa njanji ya DCC: mota imalira, imatentha, ndipo timota tating'ono timapsa.

Dikoda yatsopano imayankha pa adiresi 3, nambala yoitanira injiniyo. Ma CV ndi timalo ta manambala mu dikoda momwe mumasinthira kachitidwe kake: CV1 ndi adiresi yaifupi, CV3 ndi kunyamuka mofatsa, CV4 ndi kuima mofatsa, ndipo madikoda ambiri amabwerera mmene anachokera kufakitale mukalemba 8 mu CV8. Ngati injini ilibe soketi ya dikoda, mitundu ya mawaya a dikoda ndi iyi: wofiira ku chitsulo cha kumanja, wakuda cha kumanzere, wa olenji ndi wotuwa ku mota, wabuluu ndi wa nyali zonse, woyera nyali ya kutsogolo, wachikasu ya kumbuyo. Chimene chimapsereza madikoda ambiri ndi mota imene mwendo wake umodzi ukukhudzabe chimango chachitsulo. Yezani ndi mita ya magetsi kuti palibe kukhudzana, ndipo yesani koyamba pa njanji yopulogalamira, imene magetsi ake ndi ochepa.

N'chifukwa chiyani sitima imafooka ikafika kutali ndi kontirola?

Chifukwa mukudalira tolumikizira kunyamula magetsi. Nickel silver sadutsa magetsi bwino ngati kopa, ndipo tolumikizira timamasuka, kulowa utoto ndi guluu wa balasiti. Yalani mawaya awiri aakulu a kopa kunsi kwa tebulo motsata njanji, a mamilimita 1.5 mpaka 2.5 sikweya. Kuchokera pamenepo kwezani timawaya ta 0.3 mpaka 0.5, tosaposa masentimita 30, ku chidutswa chilichonse cha njanji, kapena pa mita iliyonse. Wotchererani kunsi kapena kunja kwa chitsulo, osati mkati modutsa mlomo wa wilo. Palani pamalopo, pakani flux (mankhwala othandiza soda kugwira) yopanda asidi, ikani soda pa waya ndi pa chitsulo payokhapayokha, kenaka mukhudzitse kwa masekondi awiri. Chowotcherera chozizira ndi chimene chimasungunula masilipa, chifukwa mumachigwiritsa nthawi yaitali.

Sankhani mitundu iwiri ndipo musaisinthe, monga wofiira ku chitsulo cha kutsogolo, wakuda cha kukhoma. Pa DCC yesani chonchi: ikani ndalama yachitsulo mopingasa njanji pa malo osiyanasiyana. Makina azime pompo. Pamene sakuzima, mawaya ndi ofooka, ndipo shoti yeniyeni pamenepo ikhoza kusungunula mawilo a pulasitiki kapena chimango chake.

Ndangolumikiza njanji, makina akuti shoti. Chalakwika n'chiyani?

Funso loyamba: kodi sitima ingachoke pamalo n'kubwererapo itatembenuka? Ngati inde, mwapanga lupu yotembenuzira kapena njanji ya makona atatu, ndipo chitsulo cha kumanja chakumana ndi cha kumanzere. Dulani zitsulo zonse ziwiri kumapeto onse a chigawocho, chigawocho chikhale chachitali kuposa sitima yanu yaitali, ndipo chidyetsedwe kudzera pa switchi yotembenuza magetsi kapena, pa DCC, kachipangizo kotembenuza kokha.

Chachiwiri ndi frog, paja zitsulo ziwiri zimakumana ngati V pakati pa pointi. Ya pulasitiki, monga Insulfrog ya kampani ya Peco, sivuta kulumikiza koma injini zazifupi zimaimapo. Yachitsulo, monga Electrofrog, imayendetsa bwino, koma zitsulo ziwiri zotuluka pa V ziyenera kukhala ndi tolumikizira ta pulasitiki, ndipo frog idyetsedwe ndi switchi yoyenda limodzi ndi pointi. Kudalira lilime la pointi kukhudza chitsulo kumagwira ntchito mpaka tsiku limene mudzapente njanji.

Njira yopewera kufufuza usiku wonse: mukawotcherera timawaya tiwiri, yezani ndi mita musanapite pena.

Ngolo zikumagwa. Ndiyambire pati?

Lembani pamene yagwera ndi ngolo imene yagwa. Ngolo zosiyanasiyana pamalo amodzi, vuto ndi njanji. Ngolo imodzi pamalo osiyanasiyana, vuto ndi ngoloyo.

Pa njanji yang'anani geji ndi choyezera cha NMRA, mfundo zothyoka, soda kapena mwala mkati mwa chitsulo, lilime la pointi losatsekeka bwino, ndi pamene chitsulo chimodzi chatsika mwadzidzidzi. Kankhani ngoloyo ndi chala pang'onopang'ono muone pamene wilo layambira kukwera. Nthawi zambiri ndi masentimita angapo kumbuyo kwa pamene yagwera.

Pa ngolo pali zinayi. Mpata wa kumbuyo kwa mawilo awiri pa HO ndi OO ukhale pafupifupi mamilimita 14.4, wochepa umakwera zitsulo zotchinjiriza, wochuluka umagunda nsonga ya frog. Timatiroko ta mawilo: sikuruu ya kamodzi ithine moti kazingozungulira, ya kenako imasuke pang'ono kuti kazigwedezeka, zonse zikathina ngolo sitsata njanji, zonse zikamasuka imayenda ikudzandira. Zokowera za mtundu wa Kadee zikhale pa msinkhu umodzi, pakati pake mamilimita 9.9 pamwamba pa chitsulo, ndipo kawaya kolendewera kunsi kasakhudze mapointi. Chomaliza ndi kulemera. NMRA imalangiza, pa HO, magalamu 28 kuphatikiza 14 pa masentimita 2.5 alionse a utali, ndiye ngolo ya masentimita 15 ilemere pafupifupi magalamu 112. Pa N ndi magalamu 14 kuphatikiza 4 pa masentimita 2.5 alionse. Cholemeretsa chikhale pansi ndi pakati. Nambala yeniyeniyo si nkhani yaikulu ngati kufanana kwa ngolo zonse: yopepuka ikakhala pakati pa zolemera imakokedwera mkati pokhota.

Injini ikumadukiza. Ndithire oyilo?

Kawirikawiri ayi. Pukutani njanji ndi kansalu kopanda ubweya konyowetsa ndi sipiriti wa isopropyl. Mawilo: yalani kapepala konyowa pa njanji, theka la mawilo pa kapepala, theka pa chitsulo, muyatse mutagwira injini. Chotsani ubweya wokulungika pa maekiselo ndi kuona ngati timalata totenga magetsi tikukhudza mawilo onse. Sandipepa musayandikize, amasiya mikwingwirima imene imasunga litsiro. Mawilo a pulasitiki pa ngolo amatola litsiro n'kulimwaza, choncho kuwasintha ndi achitsulo kumachepetsa ntchito.

Oyilo ndi kadontho ka pa nsonga ya singano pa mabeyaringi, girisi pang'ono pa magiya, zonse zolembedwa kuti siziwononga pulasitiki. Mafuta opopera omasulira mabawuti si a pano.

Balasiti ndithire liti, ndipo bwanji?

Pokhapokha sitima zonse zitayenda kwa masabata angapo osagwa, kutsogolo ndi chobwerera. Njanji yomatidwa ndi balasiti kuikonza n'kuiphwanya.

Yambani ndi kupenta m'mbali mwa zitsulo ndi masilipa utoto wofiirira wosawala, n'kupukuta pamwamba usanaume. Sankhani timiyala tating'ono kuposa mmene botolo likunenera. Tolembedwa N timaoneka bwino pa HO. Ngati ndi mchenga wotola, usefeni, muuumitse, mudutsemo maginito, chifukwa tizitsulo take timathera mu mota. Thirani ndi supuni, salazani ndi burashi yofewa mpaka pamwamba pa masilipa payere, gogodani zitsulo ndi chogwirira cha burashi kuti timiyala totsala tigwe. Nyowetsani ndi sipiriti kapena madzi a kadontho ka sopo wotsukira mbale, popopera m'mwamba kuti agwe ngati nkhungu. Kenaka donthezani guluu woyera wa PVA wosakaniza ndi madzi theka ndi theka mpaka aoneke ngati mkaka pakati pa miyala. Mukalumpha kunyowetsa, guluu amaundana n'kuyandamitsa miyala, pamwamba n'kuuma chikhokho pansi pali pofumbutuka. Siyani maola 24 mpaka 48 osakhudza. Pa mapointi thirani wochepa, pewani kathabwa kosuntha malilime, ndipo muzisuntha pointi guluu akamauma.

Mapiri, udzu ndi madzi?

Phiri ndi fomu yosanjikiza n'kusema, kapena timizere ta katoni tolukana tokutidwa ndi nsalu ya pulasitala. Musanatseke mphanga, pentani ndi kuthira balasiti polowera, ndipo siyani chitseko kumbali cholowetsa dzanja. Pulasitala apakidwe utoto wa dothi, kuti pakagumuka pasaoneke poyera. Miyala imaoneka yeniyeni ndi utoto wamadzimadzi wothira kangapo, wowala poyamba, wakuda pomaliza kuti ulowe m'ming'alu.

Udzu woimirira umathiridwa ndi chida cha magetsi chimene waya wake mumabaya mu guluu wonyowa. Wa mamilimita 2 pa HO ndi udzu wa masentimita 17, wa 6 ndi wofika m'mawondo. Yambani ndi waufupi, pamwamba muike wautali mwa apo ndi apo, musakanize wobiriwira ndi wouma. Mtundu umodzi paliponse umaoneka ngati kapeti. Chidacho chili ndi mavoti ambiri, ndiye chotsani injini za dikoda pa njanji.

Kuya kwa mtsinje ndi utoto: wakuda pakati, wowala m'mphepete. Resin, mankhwala ouma moonekera oimira madzi, thirani mamilimita 3 nthawi imodzi, mutatseka kabowo kalikonse, chifukwa amapeza ngakhale ka singano n'kuthera pansi.

Nyumba zanga zikuoneka ngati zidole. Ndalakwitsa pati?

Zitatu: kuwala kwa pulasitiki, mpata kunsi kwa khoma, ndi miyeso. Pentani chilichonse, ngakhale chitabwera ndi mtundu kale, n'kumaliza ndi vanishi wosawala, magalasi musanaike. Nyumba imire pang'ono m'dothi, udzu ndi fumbi zifike pakhoma. Munthu wa mamita 1.75 pa HO ndi mamilimita 20, chitseko ndi 23. Sungani kachidole kamodzi pa benchi koyezera. Pulasitiki matani ndi guluu wamadzi wosungunula, mupake ndi kaburashi mkati mwa ngodya. Supa guluu amachititsa nkhungu yoyera pa magalasi. Pamenepo gwiritsani guluu woyera wouma moonekera.

Mukaika nyali, pentani mkati mwa makoma mwakuda, apo ayi nyumba yonse imayaka ngati nyali ya galasi. LED yoyera pa mavoti 12 imafuna rezisita ya maohmu 1,000, ndipo kawirikawiri imawalabe mopitirira. Yesani 2,200 kapena 4,700. Zipinda zina zikhale zamdima.

Anthu oima, okhala kapena otsamira amaoneka bwino kuposa othamanga amene mwendo uli m'mwamba chaka chonse.

Ndingakalambitse bwanji ngolo osaiwononga?

Ikani chithunzi cha ngolo yeniyeni patsogolo panu, mutsanzire chimene mukuona. Fumbi limachokera pansi kukwera, dzimbiri ndi mwaye zimatsika ndi mvula, mafuta amada pa mabeyaringi ndi pothirira. Tsukani thupi ndi sopo, popererani vanishi wosawala kuti ufa ugwire. Thirani utoto wamadzimadzi wofiirira, gawo limodzi utoto pa magawo khumi a chosungunulira, mupukute chotsitsa. Ufa wa choko cha pastel pakani ndi burashi youma. Vanishi womaliza amauzimitsa kwambiri, ndiye mungafunike kubwereza. Wakuda weniweni pewani, sakanizani ndi wofiirira kapena wotuwa. Popondera mawilo, nsonga za maekiselo ndi mkati mwa zokowera musafike utoto. Phunzirani pa ngolo yakale, ndipo zisade mofanana: zina zatuluka kumene ku shedi, zina zatha zaka padzuwa.

Sitima kungozungulira kwayamba kunditopetsa. Ena amatani?

Amaipatsa ntchito. Ngolo iliyonse ikhale ndi kumene ikupita: iyi ku depoti ya mafuta, iyo ku nyumba ya katundu, ina ibwerere yopanda kanthu. Njanji zobisika kuseri kwa chithunzi cha kumbuyo zimaimira dziko lonse lotsala, kumene sitima zimachokera ndi kupita.

Malo ochepa si chopinga. Inglenook Sidings ya Alan Wright ili ndi mapointi awiri ndi nthambi zitatu zokwana ngolo 5, 3 ndi 3, pamene njira yokokera imakwana injini ndi ngolo 3. Pa ngolo 8 mumasankha 5 mwamaere n'kuzisanja mu ndondomeko imene zatulukira. Masanjidwe otheka ndi 6,720. Timesaver ya John Allen ndi masewera ena a mtundu womwewo. Amene akufuna njira yaitali amamanga zigawo za muyezo umodzi, monga wa FREMO kapena T-TRAK, zimene zimalumikizana ndi za anzawo pa misonkhano.

Chepetsaninso liwiro. Sitima ya katundu yoyenda makilomita 40 pa ola, pa HO imatenga masekondi pafupifupi 8 kudutsa mita imodzi, ndipo pokokera ngolo m'yadi iyende mochepera theka la pamenepo. Ikani zizindikiro ziwiri motalikirana mita imodzi, muyeze ndi wotchi, kenaka mutsitse CV5, imene imalamula liwiro lapamwamba, mpaka liwiro lapamwamba la injiniyo ligwirizane ndi la yeniyeni.